BUKU LA CIDINDO: KODI WOGULA NAYE NDI MBALA?

Mwezi uno ndabwera ndi mlandu woti mundithandize kuweruza. Wopalamula mlanduwo si wina ai, koma ine ndemwe, amene ndimaimirira patsogolo pa anzanga Loweruka lililonse kuwaphunzitsa za makhalidwe abwino. Nkhani yake ndi ya buku limodzi lokha, la cikuto cobiriwira, limene ndinagula pa K60. Mwina wina anena kuti, “Aa, kabuku ka K60 nkolembera nkhani m'magazini?” Dekhani, muyambe mwamva. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa saka la amadala

Munali mu Ogasiti 2024. Mukumbukira kuti cinali caka ca cilala, cimene boma linalengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Kwathu ku Kaumbwe cimanga cinauma cisanabereke, ndipo nshawa zimene tinakumba sizinadzaze ngakhale ngolo imodzi. Tinagulitsako pang'ono. Pa ndalamazo amai anapatulapo zina nandiuza kuti, “Mwanawe, upite ku boma ukamgulire mlongo wako buku la Biology. Mayeso ayandikira.” Mlongo wangayo anali mu Giredi 12, ndipo mtima wake wonse unali pa maphunziro a unesi. Buku la phunzirolo anali kungoliona m'kalasi, mphunzitsi akaligawa ku magulu, belu likalira nkulitolanso.

Nditafika ku Petauke ndinayamba ndafunsa m'sitolo. Mtengo umene ananditchulira unandibweza pakhomo. Ndalama zimene ndinali nazo sizinakwane ngakhale theka. Ndiye ndinatsetsereka kupita kwa amadala ena amene amayala mabuku pa saka pafupi ndi pokwerera mabasi. Ambiri a ife timawadziwa ogulitsa otere. Amatsendereza mabuku ndi miyala kuopa mphepo, ndipo mitambo ikada amakhala oyamba kuiona.

Ndinapeza pali mkangano wa mpira. Amuna anai anazungulira nyuzipepala yakale, akukambirana za atsikana athu ku masewera a Olympics ku France. Pa 28 Julaye timu yathu inatsogola ndi zigoli 5 kwa 2 polimbana ndi Australia, Barbra Banda atamwetsa zitatu yekha, koma pomaliza tinagonja 6 kwa 5. Wina anati vuto linali kumbuyo, wina anati atsikana anatopa, wina anati mphunzitsi wa timu anacedwa kusintha osewera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagula nyuzipepalayo. Onse anali kuwerenga ulere, amadala akungoseka. Pa saka lotere ndi pamene pali laibulale ya anthu osauka, bwalo la nkhani, ndiponso nyumba ya malamulo ya anthu a mpira.

Miyulu itatu

Mukayang'anitsitsa pa saka la wogulitsa mabuku mumseu, mudzaona kuti pali miyulu itatu, ngakhale mwini wake saiyala padera.

Mulu woyamba ndi wa mabuku a salaula. Awa ndi mabuku amene eni ake anagula, anawerenga, nagulitsa kapena kupatsa ena. Ena anacokera kutsidya kwa nyanja, ena m'nyumba za aphunzitsi opuma nchito. Pamenepa palibe mlandu uliwonse. Ndili ku koleji ku Lusaka, pa mulu wotere m'mbali mwa Cairo Road ndi pamene ndinapeza buku la Dominic Mulaisho lochedwa The Tongue of the Dumb, limene linatuluka mu 1971. Ndinadabwa kuona kuti nkhani ya anthu a m'cigwa ca Luangwa, abale athu enieni, inasindikizidwa ku London ndi kuwerengedwa m'maiko ambiri. Kukanapanda wogulitsa mumseu, bwenzi mpaka lero ndisanalione.

Mulu waciwiri ndi wa mabuku ooneka atsopano koma ochipa modabwitsa. Mapepala ake ndi opyapyala, zilembo zina nzosaoneka bwino, zithunzi nzakuda bii, ndipo mukangolitsegula kawiri masamba ayamba kuthothoka. Awa ndi mabuku okopera. Wina anatenga buku la eni ake nalisindikizanso mobisa, wolemba osalandirapo ngakhale ngwee imodzi.

Mulu wacitatu ndi umene wogulitsa sauika pamwamba. Ndi mabuku a cidindo. Mukatsegula tsamba loyamba mupeza cidindo ca sukulu, kapena mau a Cingelezi oletsa kugulitsa bukulo. Nthawi zina cidindoco acipaka inki, nthawi zina tsamba lonse aling'amba.

Nditachula buku limene ndinali kufuna, amadala anapisa dzanja m'katoni imene anakhalira nalitulutsa. “Ili apa, mwana wanga. K80, koma poti ndiwe, K60.” Ndinatsegula. Pa tsamba loyamba panali banga lalikulu la inki, koma amene anapakayo anaiwala kuti aphunzitsi amadindanso masamba a mkati. Pa tsamba 21 cidindo cinali poyera, dzina la sukulu likuwerengeka bwinobwino. Inali sukulu ya m'dera lathu lomwelo, mtunda woyenda pa njinga.

Ndinaciona cidindoco. Sindinganame kuti sindinacione. Ndinatseka bukulo msanga, ndinalipira, nkuliika m'cola.

Maina asanu

Madzulo mlongo wanga analilandira ndi manja awiri. Anakhala pafupi ndi nyali nayamba kutembenuza masamba mmodzimmodzi ngati munthu wosankha mpunga. Atafika kumapeto anakhala cete. Mkati mwa cikuto ca kumbuyo munali maina asanu a ana a sukulu, lililonse ndi caka cake, kuyambira 2019 kufika 2023. Aliyense analemba ndi dzanja lake. Wina anajambulapo kaduwa. Pansi pa dzina lacisanu panali mzere wopanda kanthu.

“Acimwene,” anatero mlongo wanga, “nanga wacisanu ndi cimodzi uyu, wa caka cino, akuwerenga ciani?”

Sanafunse monyoza. Anafunsa ngati mwana wofuna kudziwa. Koma funsolo linandilasa kuposa ulaliki uliwonse umene ndinamvapo. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinayamba kudziikira kumbuyo, ndipo zifukwa zimene ndinapeza ndi zomwezo zimene inu mukanapeza. Tiyeni tiziyese cimodzicimodzi, tione ngati ziimirira.

“Sindinabe ine”

Cifukwa coyamba cinali cakuti sindinathyole citseko ca sukulu, sindinabise buku m'malaya, ndinalipira ndalama zanga zocokera m'thukuta la amai. Wakuba ndi wina, ine ndine wogula cabe.

Komatu taganizani. Mbuzi ya mnansi wanu ikasowa usiku, m'mawa munthu nkubwera pakhomo panu ndi mwendo wa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, inu nkuona cikopa cake ndi kucizindikira, kodi mungadye nyamayo ndi mtima woyera? Nanga nkhani ikafika kwa anyakwawa, adzakumasulani cifukwa munalipira? Tonse tidziwa yankho. Malamulo a dziko lathu nawonso amati kulandira katundu ukudziwa kuti ngwobedwa ndi mlandu. Ndipo buku la Miyambo, pa caputala 29 ndime 24, limacenjeza za munthu wogawana ndi mbala, kuti amadzipweteka yekha.

Mbala imaba cifukwa idziwa kuti wogula alipo. Mwana amene anaturutsa bukulo m'sukulu sanalibe kuti aliwerenge. Analiba cifukwa anadziwa kuti pa boma pali saka, ndipo pa sakalo padzafika munthu ngati ine. K60 yanga ndiyo inali kumapeto kwa cingwe cimene cinakoka bukulo. Cifukwa coyamba cinagwa msangamsanga.

“Nzeru zilibe mwini”

Cifukwa caciwiri cinali cozamirapo, ndipo cinandigwira masiku angapo. Ndinati buku silili ngati mbuzi. Mbuzi mukadya yatha. Koma mau olembedwa mukawerenga satha. Anthu zana angathe kuwerenga tsamba limodzi, mau onse nkukhalapobe. Nanga cinthu cosatha cingabedwe bwanji?

Ndinakumbukira za 2012, ndili mnyamata wa ku pulaimale. Pa 12 Febuluwale usiku tinadzazana pakhomo pa aphunzitsi ena amene anali ndi TV ya batire. Chipolopolo inali kulimbana ndi Ivory Coast ku Libreville, m'dziko la Gabon. Masewera anatha opanda cigoli, ndipo pa mapenate tinapambana 8 kwa 7, Stoppila Sunzu atamenya yomaliza. Atate, amene sindinawaonepo akulira, anagwetsa misozi. Anatifotokozera kuti m'nyanja pafupi ndi mzinda womwewo ndi mmene ndege inagwera pa 27 Epulo 1993, nkupha anthu 30, pakati pao osewera 18 a timu ya dziko lathu. Patapita masiku awiri munthu wina anabwera ndi nyuzipepala imodzi kucokera ku boma. Nyuzipepala imeneyo inayenda mudzi wonse. Odziwa kuwerenga anawerengera osadziwa, omva Cingelezi anamasulira m'Cinsenga. Itafika kwathu inali itafewa ngati nsalu. Cithunzi ca Christopher Katongo atanyamula cikho cinakhala pa cipupa ca nyumba ina mpaka ciswe cinacidya. Atate anati kale anali kucita cimodzimodzi ndi Tsopano, nyuzipepala ya Cinyanja imene boma linali kusindikizira anthu a Cigawo ca Kum'mawa.

Kodi pa onse amene anawerenga nyuzipepala ija panali mbala? Iai. Cimwemwe ca cikho cinali ca tonse, ndipo mau ofotokoza cimwemweco sanacepe pogawana. Ndiye ndinati buku la Biology nalonso nlotero.

Koma apa mpamene ndinadzinyenga. Mwini nyuzipepala ija anagula, ndipo anaipereka yekha mwa kufuna kwake. Ndiponso inali kuyenda, kucoka dzanja ili kupita dzanja lina. Buku la cidindo nalo linali kuyenda motero: maina asanu aja ndiwo umboni. Linali pa ulendo wopita kwa wacisanu ndi cimodzi, wacisanu ndi ciwiri, mpaka masamba ake atatha. Ine ndinaliimitsa pa ulendowo nkulitsekera m'nyumba imodzi. Nzoona kuti nzeru sizitha pogawana, koma pepala limene lanyamula nzeruzo limakhala pamalo amodzi pa nthawi imodzi. Likakhala pa tebulo la mlongo wanga, ndiye kuti pa tebulo la mwana wina palibe. Ngati nzeru zilidi za onse, ndiye kuti mlandu wanga unakulirapo, pakuti ndinatenga ca onse nkucisandutsa canga.

“Nca boma, cilibe mwini”

Cifukwa cacitatu ndi cimene ambiri a ife timabisalamo osadziwa. Timati katundu wa boma alibe mwini. Munthu amene sangatole ngakhale dzira la nkhuku ya mnzake amatha kuzula citseko ca cimbudzi ca sukulu osamva kanthu mumtima. Mabauti a pa mjigo, mawaya a magetsi, mankhwala a ku cipatala, madesiki, zonsezi zimayenda usiku cifukwa timaganiza kuti boma ndi cimunthu cakutali, cokhala ku Lusaka, colemera kotero kuti sicingamve kupweteka.

Boma silinamve kupweteka ndi buku lija, nzoona. Amene anamva kupweteka ndi mwana wina wa mlimi wonga amai anga, amene cilala comweco cinamuumitsira cimanga. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro a m'sukulu za boma ndi aulere kufika Giredi 12, ndipo ana ambiri amene anali atakhala pakhomo cifukwa ca ndalama anabwerera m'kalasi. Caka comweco boma linalemba aphunzitsi atsopano opitirira 30,000. Zimenezi nzoyamikira. Koma mphunzitsi aliyense adzakuuzani kuti ana akacuruka, buku limodzi limadikiridwa ndi maso ambiri. Kale kuba buku limodzi kunali kulanda gulu laling'ono. Lero ndi kulanda gulu lalikulu. Cinthu ca boma cili ndi eni ambiri kuposa cinthu ca munthu mmodzi, kungoti eni akewo sitiwaona nkhope. Mlongo wanga anandionetsa nkhope imodzi pa mzere wopanda dzina uja.

“Nanga wosauka atani?”

Cifukwa cacinai sindingacigwetse mosavuta, ndipo sindifuna kunamizira kuti ndacigwetsa. Tinalibe ndalama. Mayeso sadikira kuti mvula igwe bwino. Mwana wa munthu wolemera ali ndi mabuku ake, ali ndi foni yaikulu, ali ndi mphunzitsi wapadera madzulo. Mwana wa mlimi wa ku Kaumbwe alemba mayeso omwewo, tsiku lomwelo, mafunso omwewo. Kodi ncilungamo kumuuza kuti akhale woyera mtima ndi kulephera, pamene anzake apambana ndi ndalama za makolo ao?

Funso limeneli nlolemera, ndipo amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuliyankha. Ngakhale buku la Miyambo, pa caputala 6, limazindikira kuti anthu samnyoza kwambiri munthu woba cifukwa ca njala. Koma pomwepo limanenanso kuti akapezeka ayenera kubweza. Umphawi umacepetsa mkwiyo wa oweruza, koma susandutsa cobedwa kukhala cako.

Ndipo onani amene ndinamlanda. Sindinalande wolemera. Mwana wa wolemera saphunzira pa sukulu ya kumudzi imene mabuku ake amawerengedwa ndi zala za dzanja limodzi. Ndinalanda wosauka mnzanga. Umu ndi mmene umphawi umatipusitsira: umatiuza kuti tikubwezera anthu a ndalama, pamene tikudyana tokhatokha. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndinakonda mlongo wanga ndi kuiwala kuti wacisanu ndi cimodzi uja nayenso ndi mlongo wa munthu.

Nanga mabuku okopera?

Wina anena kuti, “Cabwino, la cidindo talisiya. Koma lokopera lija silinacoke m'sukulu iliyonse. Nanga mabuku amene timatumizirana pa WhatsApp, kodi nawonso ndi mlandu?” Apa wolandidwa saoneka msanga, koma alipo. Ndi wolemba, pamodzi ndi onse amene anakonza ndi kusindikiza bukulo. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 1994 loteteza nchito za olemba ndi oimba, koma lamulo palokha silingalondere saka lililonse ndi foni iliyonse.

Timadandaula kuti mabuku a m'cilankhulo cathu ndi ocepa. Makolo athu anawerenga Nthondo, buku la Samuel Ntara la mu 1933. Anamvetsera nthano za Julius Chongo pa wailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, nawerenga buku lake lochedwa Fumbi Khoboo! Panali kampani ya NECZAM imene inali kusindikiza mabuku m'zilankhulo za m'Zambia. Nanga ife a lero tidzasiyira ana athu ciani? Munthu amene wakhala zaka ziwiri akulemba buku usiku, akaona kuti likugulitsidwa mumseu iye osapezapo ya mcere, kodi adzalembanso lina? Mlimi amene mbala zimamkololera caka ndi caka amaleka kulima munda umenewo. Tikamakopera olemba athu tikudya mbeu.

Sindikunena kuti mwana amene walandira tsamba la fotokope kwa mphunzitsi wake kuti akawerenge kunyumba ndi cigawenga. Pali kusiyana pakati pa kupempha moto kwa mnansi ndi kumgulitsira nkhuni zake. Koma pamene tili ndi ndalama zogulira buku lenileni, makamaka la wolemba wa kwathu kuno, nkusankha lokopera kuti yotsalayo tigulire mayunitsi a foni, tisadzinamize kuti ndife osauka. Tangokhala oumira.

Mau a amadala

Patapita milungu iwiri ndinabwereranso ku boma, ndipo ndinawafunsa amadala aja mwaulemu za cidindo. Sanakwiye. Anandiyang'ana nthawi yaitali nati, “Mwana wanga, ine sindine kawalala. Amabwera nawo okha ana a sukulu. Wina afuna ya sopo, wina ya cakudya. Ndikakana ine, apita kwa wina. Nanga iwe, unaciona cidindoco pogula, kapena unacionera kunyumba?”

Ndinawerama. Ndinapita kukadzudzula, ndinabwerako wodzudzulidwa.

Tisafulumire kuwatukwana ogulitsa mumseu. Kucokera ku Petauke kupita ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo mukayenda mseu wonsewo mudzapeza nthoci ku Nyimba, nsomba ndi madengu pa mlatho wa Luangwa, makala paliponse, koma malo ogulitsa mabuku owerenga mudzawawerenga ndi zala. Anthu a masakawa ndiwo afikitsa buku kumene sitolo siifika. Nchito yao njovuta: dzuwa, fumbi, mvula, ndi kuthamangitsidwa, monga zinacitikira ku Lusaka mu Januwale 2018 pa nthawi ya kolera. Ambiri a iwo amakonda mabuku kuposa ife ophunzira. Koma amagulitsa cimene cimagulidwa. Tsiku limene ogula onse adzatsegula tsamba 21 ndi kubweza buku la cidindo pa saka, katoni ya pansi ija idzatha yokha.

Cimene ndinacita

Tsopano ndifike povuta. Mwina muyembekeza kumva kuti m'mawa mwake ndinakwera njinga nkukabweza bukulo. Sindinatero. Ndinauza mtima wanga kuti ndidzabweza mayeso akatha. Mlongo wanga analiwerenga Seputembala yense ndi Okutobala yense. Mu Disembala, sukulu zili pafupi kutsekera, mpamene ndinapalasa njinga kukalipereka.

Aphunzitsi aakulu a pa sukulupo analandira bukulo, nayang'ana cidindo, natsegula kope lao la kaundula. Anapeza nambala yake naikapo cizindikiro. Anandithokoza, ndipo sanandifunse zambiri. Pamene ndinali kutsazika anangonena kuti, “Ana a caka cino anagawana atatu otsalawo. Akanakhala anai zikanapepukako.” Sanawonjezepo kanthu.

Pobwerera ndinazindikira kuti kubweza kwangako kunali kwa theka. Ndinabweza pepala, koma sindinabweze miyezi itatu ija, imene inali miyezi yeniyeni imene bukulo linali kufunika. Zili ngati kubwereka khasu la mnzako nthawi ya dzinja osamuuza, nkukalibweza m'cilimwe. Zakeyu wa m'buku la Luka sanabweze cimene analanda cokha, anabweza mowirikiza, cifukwa anadziwa kuti wolandidwa amataya zambiri kuposa cinthu cimene catengedwa. Mlongo wanga anakhoza mayeso ake, ndipo tinakondwera. Koma sindidziwa mmene wacisanu ndi cimodzi uja anakhozera, ndipo sindidzadziwa. Ici ndico cimene ndinagula ndi K60.

Katoni yathu

Kulira kokha sikuthandiza. Nditaulula nkhaniyi ku gulu lathu la acinyamata, tinagwirizana zinthu zitatu zimene gulu lililonse lingathe kucita popanda kudikira thandizo locokera kutali.

Coyamba, tinapeza katoni ndi kope. Aliyense amene anatsiriza sukulu anabweretsa mabuku amene anali kungodyedwa ndi mphemvu pansi pa bedi. Wobwereka amalemba dzina ndi tsiku, ndipo amasunga buku milungu iwiri. Amene apita ku boma akagula nyuzipepala, akatha kuwerenga amaiponya momwemo, ndipo tsamba la mpira ndilo limayamba kung'ambika.

Caciwiri, posonkhanitsa mabukuwo tinapeza kuti asanu ndi awiri anali ndi zidindo za sukulu zosiyanasiyana. Eni ake anati anangoiwala kubweza. Sitinaloze munthu cala, pakuti woyamba kulozedwa ndikanakhala ine. Tinangowabweza onse kumene anacokera.

Cacitatu, tikakolola timasonkha pang'onopang'ono ndi kugula buku limodzi lenileni, la mtengo wake, loti likhale la gulu lonse. Buku limene munthu mmodzi sangalikwanitse, anthu makumi awiri alikwanitsa. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo kwa amadala a pa boma timagulabe, koma pa mulu woyamba uja wokha. Masiku ano akandiona amaseka nati, “Wabwera wa tsamba 21.”

Weruzani

Tsono mlandu uja ndaupereka m'manja mwanu. Ine ndadziweruza kale: wogula buku la cidindo akulidziwa ali m'gulu limodzi ndi amene analiba, ngakhale cifukwa cake cikhale comvetsa cisoni cotani. Mwina ena a inu muona mosiyana, makamaka pa nkhani ya umphawi ija. Lemberani mkonzi, timve maganizo anu m'magazini yotsatira.

Koma musanatenge colembera, yambani mwacita ici. Lowani m'nyumba, tsegulani sutikesi kapena katoni imene mumasungamo mabuku, ndipo muyang'ane buku lililonse tsamba loyamba, masamba a mkati, ndi mkati mwa cikuto ca kumbuyo. Mukapeza cidindo, werengani maina amene alembedwamo. Kenaka yang'anani mzere wopanda dzina umene uli pansi pa dzina lomaliza. Mwana ameneyo ali m'kalasi caka cino, ndipo sukulu yake mukuidziwa njira.